Galimoto ya kanema: mbiri ya Central African Film Unit ndi olowa m'malo mwake

Malawi adatha zaka 35 chilandirireni ufulu wodzilamulira alibe wailesi ya kanema yakeyake. Television Malawi idayamba kuulutsa mapologalamu pa 1 April 1999, maiko oyandikana nafe atazolowera kale TV. Koma mukafunsa agogo a ku Ndirande kapena ku Bangwe kuti kanema adamuona liti koyamba, za 1999 sazitchula n'komwe. Amakumbukira bwalo la sukulu dzuwa litangolowa, chinsalu choyera chokungidwa pa mitengo iwiri, injini ikulira kuseri kwa galimoto ya boma, ana atakhala pa fumbi kutsogolo, ndi bambo wina wogwira chimkuzamawu akufotokoza zonse zooneka pa chinsalupo. Mwambo umenewu udazika mizu chifukwa cha bungwe lotchedwa Central African Film Unit, lomwe lidabadwa mu 1948 n'kufera limodzi ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kumapeto kwa 1963.

Bungweli lisanabadwe, ena adali atayesapo kale. Mu 1935 bungwe la amishoni la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, lidayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Mwini ganizo adali J. Merle Davis, amene adafufuza za moyo wa m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia n'kuda nkhawa ndi momwe tauni inkasinthira munthu wochokera kumudzi. Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham adamanga msasa ku Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika, ndipo m'zaka ziwiri adajambula mafilimu 35 okamba za msonkho, kusunga ndalama ku positi ofesi, njoka za m'mimba, kukokoloka kwa nthaka ndi zina zotero. Mawu ankawajambula padera pa mbale za galamafoni, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Lole yawo idafika mpaka mu Nyasaland. Mu 1937 ndalama zidatha, ntchito n'kuthera pomwepo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, boma la Britain lidatsegula Colonial Film Unit ku London, pansi pa William Sellers, yemwe kale ankagwira ntchito za zaumoyo ku Nigeria. Sellers adali ndi chiphunzitso chake pa za munthu wakuda ndi kanema, ndipo chidafala m'maofesi onse a atsamunda. Ankati kamera isamayendeyende, chithunzi chizikhalitsa, nkhani ikhale imodzi yosakhotakhota, chifukwa ati Mwafrika sangatsatire filimu yothamanga. Nthano imene azungu ankakonda kuuzana pochitira umboni zimenezi idali ya udzudzu: ati atauonetsa utakulitsidwa pa chinsalu, anthu adanena kuti kwawo kulibe udzudzu waukulu chomwecho, ndiye palibe chodera nkhawa. Katswiri wa mbiri James Burns, amene adalemba buku la Flickering Shadows mu 2002, adaonetsa kuti nthanoyi inkabwerezedwa m'maiko osiyanasiyana, wofotokoza aliyense n'kumati zidachitika kwawo. Ndipo aliyense wodziwa nthabwala za kwathu kuno angaone kuti ngati padalidi munthu wolankhula zimenezo, n'kutheka kuti ankangoseketsa anzake, bwana n'kuzitenga zenizeni.

Chiphunzitsochi chinkanyalanyaza mfundo yoonekeratu. Amuna zikwizikwi a mu Nyasaland adali atapita kale ku Joni ndi Wenela, ku Halale, ku Wankie ndi ku migodi ya kopa, ndipo kumeneko kanema adali chinthu cha sabata ndi sabata. Ku Johannesburg, m'busa Ray Phillips adayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi m'zaka za m'ma 1920. Ku Luanshya, kumene Hortense Powdermaker adachita kafukufuku wake m'zaka za m'ma 1950, anthu ankakonda mafilimu a makauboyi kotero kuti ngwazi iliyonse ya pa hatchi ankaitcha Jack, ndipo ankaichemerera mofuula ikamaponya zibakera. Munthu wotere akabwerera kwawo ku Lunzu kapena ku Chiradzulu sankafunika womuphunzitsa kaonedwe ka filimu.

Central African Film Unit idakhazikitsidwa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, pansi pa Central African Council, khonsolo yomwe inkalumikiza ntchito zina za maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Gawo la ndalama la maiko awiri a kumpotowa linkachokera ku thumba la Colonial Development and Welfare la ku Britain. Mkulu wa ntchito adali Alan Izod. Ojambula odziwika adali Stephen Peet ndi Louis Nell, ndipo Denys Brown ankalemba nkhani. Adali anthu ochepa, oyenda maulendo ataliatali pa misewu yafumbi ndi kamera ya 16mm, ndipo osewera m'mafilimu awo adali anthu wamba a m'midzi imene afikamo. Pofika 1953 adali atapanga mafilimu oposa 70. Kuonetsa sikudali ntchito yawo. Zimenezo zidali m'manja mwa nthambi yofalitsa nkhani ya boma lililonse, yomwe inkatumiza magalimoto a kanema m'maboma, m'masukulu, m'maesiteti ndi m'makomboni a makampani.

Mafilimu ambiri oyambirira adali amitundu yowala bwino koma opanda mawu, ndipo padali chifukwa. M'maiko atatuwa munkalankhulidwa Chishona, Chindebele, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chinyanja, Chitumbuka, Chiyao ndi zina zambiri, ndipo kujambula mawu a chilankhulo chilichonse kukadadya ndalama zosaneneka. Choncho filimu inkayenda ndi pepala la mawu ofotokozera, ndipo wotanthauzira ndiye ankaipatsa moyo.

Munthu ameneyu ndi woyenera kumuyang'ana bwino, chifukwa usiku wonse unkadalira iye. Galimoto ikafika masana, iye ndiye ankakaonekera kwa amfumu, n'kuzungulira ndi chimkuzamawu kuitanira anthu. Mdima ukagwa ankayamba ndi nyimbo za pa galamafoni kuti bwalo lidzaze. Kenako pulojekita inkayatsidwa, tizilombo touluka n'kudzaza m'kuwala kwake, iye n'kuima pambali ndi pepala lija m'manja. Koma pepala lolembedwa m'Chingerezi ku Salisbury silingagwire khamu la anthu mazana angapo amene ena akuseka, ena akufunsa, ena akutsutsa. Wotanthauzira waluso ankalankhula m'malo mwa wosewera aliyense, kusintha mawu kuti akhale a nkhalamba kapena a mtsikana, kuponyamo mwambi, kuyankha wachipongwe wa kumbuyo, ndi kudzaza mpata pamene filimu yaduka kapena pamene mnzake akusintha mkombero. Bwana wachizungu wosadziwa bwino Chinyanja sakadatha kutsata zonse zimene zikunenedwa, ndipo m'maofesi a atsamunda kudandaula za otanthauzira owonjezera zawo kudali kosatha. Mayina a azungu adalembedwa pa mafilimu. Mwa Aafrika amene ankagwira nawo ntchito yojambula, David Hlazo, amene ankayenda ndi Peet, ndi mmodzi mwa ochepa amene olemba mbiri amawatchula.

Nkhani za m'mafilimuwa zinkayenda m'njira imodzi yodziwika: munthu wanzeru ndi munthu wopusa. Mu The Two Farmers, mlimi womvera alangizi amakolola zochuluka n'kutukuka, pamene mnzake wosamva amathera mu umphawi. Wives of Nendi idaonetsa ntchito ya Mai Mangwende, mkazi wa mfumu ya ku Southern Rhodesia, yoyambitsa makalabu a amayi ophunzitsa ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo. Mulenga Goes to Town, ya Louis Nell, idali ya mnyamata wotumidwa ku tauni kukagulitsa nkhuku, amene amakumana ndi zokhoma n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Pofuna kuti anthu asabalalike, oonetsa ankasakaniza: nkhani za ku Britain poyamba, filimu yophunzitsa pakati, yoseketsa kapena ya makauboyi pomaliza.

Sikuti zonse zidali zachabe. Kukumba chimbudzi, kuwiritsa madzi, kupita ku chipatala msanga, kuphunzira kuwerenga, awa adali malangizo abwino ndipo akadali abwino. Vuto lidali zimene kamera inkasiya kunja.

Taganizirani munthu woonera The Two Farmers m'boma la Blantyre chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Njala ya 1949 idali itangodutsa kumene, ndipo dera la Blantyre ndi limodzi mwa amene adavutika koposa. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, adalimbitsa malamulo a malimidwe: kulima mizere yopingasa, kukumba milambala, kubzala ndi kuzula mapesi pa nthawi yoikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa, nthawi zina mbewu zake n'kuzulidwa. Mlangizi amene pa chinsalu ankaoneka ngati bwenzi lomwetulira, masana anthu ankamudziwa ngati wogwiritsa milandu. Chinanso, minda yabwino yambiri ya ku mapiri a Shire idali m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company ndi Blantyre and East Africa, ndipo okhala m'maesitetiwo adali pa thangata. Filimu inkati umphawi wa mlimi wachiwiri uja ndi ulesi ndi kusamva. Woonera ankadziwa kuti kamunda kake n'kakang'ono chifukwa malo adatengedwa. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, boma lidaichotsa pa mpando, ndipo chaka chomwecho zipolowe za ku Thyolo ndi madera ena a kummwera zidaphetsa anthu 11. Za zonsezi chinsalu chidali duu.

Nkhani ya Mulenga nayo inkamveka mwina kwa anthu a m'mphepete mwa Blantyre ndi Limbe. Filimu inkati tauni si malo a munthu wakuda, kwawo ndi kumudzi. Koma fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco ku Limbe, kampani ya njanji, masitolo ndi nyumba za azungu ndi amwenye, zonse zinkadalira anthu akuda amene ambiri a iwo tauniyo sinkawapatsa pogona. Ankadzuka mbandakucha m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Ndirande, ku Chilomoni ndi kwa Machinjiri, kuyenda wapansi kupita ku ntchito, madzulo n'kubwerera. M'zaka za m'ma 1950 boma lidayamba kumanga nyumba ku Soche ndi kugawa mapuloti m'madera ngati Zingwangwa ndi Bangwe, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe zidaphatikizidwa kukhala tauni imodzi. Anthu amenewa mavuto awo adali malipiro, madzi, lendi ndi mtunda wopita ku ntchito. Bungwe la ku Salisbury lidali ndi pakamwa koma lidalibe makutu, ndiye silikadadziwa kuti anthu akufuna kukamba za chiyani.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953, anthu a kuno atachikana kwamtuwagalu. Mu 1956 boma la chitaganya lidatenga bungwe la mafilimu kukhala lake, ndipo ntchito yake idasintha. Mafilimu ophunzitsa adachepa. Mphamvu zidapita ku mafilimu okopa alendo ndi azungu ofuna kudzakhazikika, ndi ku mafilimu a nkhani awiri: Rhodesian Spotlight wa m'nyumba za kanema za azungu, ndi Rhodesia and Nyasaland News wa anthu akuda. Damu la Kariba lidajambulidwa mobwerezabwereza ngati chizindikiro cha chitukuko cha chitaganya. Kwa munthu wa mu Nyasaland, Kariba adali ndi tanthauzo lina: abale ake adakakhetsa thukuta kumeneko, pamene mapulani otukula chigwa cha Shire adaikidwa pambali.

Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndipo misonkhano ya Nyasaland African Congress idayamba kusonkhanitsa makamu amene galimoto ya kanema sikadawalota. Pa 3 March 1959 boma lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Anthu oposa 1,000 adamangidwa, ambiri n'kutsekeredwa ku Kanjedza, pafupi ndi Limbe, ndipo komiti yofufuza ya Devlin idapeza kuti anthu 51 adaphedwa. Zitatero, chilichonse chonunkha chitaganya chidasanduka mdani. M'maiko awiri a kumpoto anthu adayamba kunyanyala ndi kusokoneza zionetsero za kanema wa boma, ndipo ojambula a ku Salisbury ankavutika kupeza owalandira. Bungwe limene lidabwera ndi mawu oti likufuna kuphunzitsa lidatha anthu atasiya kulikhulupirira. Pa 31 December 1963 chitaganya chidathetsedwa, Central African Film Unit n'kutha nacho, itasiya mafilimu mazanamazana.

Stephen Peet, amene adali wa mpingo wa Quaker ndipo adakana kugwira mfuti pa nkhondo, adabwerera ku Britain. Mu 1969 adayambitsa pologalamu ya pa BBC yotchedwa Yesterday's Witness, momwe anthu wamba okalamba ankakhala patsogolo pa kamera n'kufotokoza okha zimene adaziona pa moyo wawo. Amakumbukiridwa lero ngati mmodzi mwa oyambitsa njira imeneyi pa TV. N'zomvetsa chisoni kuti luso lomvetsera lotereli silidapatsidwe malo m'bungwe limene iye adaligwirira ntchito kuno, chifukwa anthu amene adaona nkhondo ya Chilembwe ya 1915 ndi maso awo adali akadali moyo nthawi imeneyo.

Galimoto ya kanema sidafe ndi chitaganya. Boma la Malawi lidakhala ndi nthambi yakeyake yojambula mafilimu pansi pa dipatimenti yofalitsa nkhani, yomweyo yosindikiza nyuzipepala ya Boma Lathu, ndipo magalimoto ake adapitiriza kuzungulira m'midzi ndi m'matauni. Pa chinsalu, malo a Mfumukazi ndi bwanamkubwa adatengedwa ndi Ngwazi Kamuzu Banda: ikuyendera mbewu m'minda, ikutsegula msewu kapena fakitale, ikuvinidwa ndi mbumba pa Kamuzu Stadium pa 6 July. Popeza kudalibe TV, kwa anthu ambiri apa ndi pomwe ankaonera nkhope ya mtsogoleri wawo ikuyenda ndi kulankhula, ndiponso madera a dziko lawo amene sadafikeko. Mwana wa ku Zingwangwa ankatha kuona nyanja, mapiri a Nyika ndi mzinda watsopano wa Lilongwe ukumangidwa. Chimenecho chidali chinthu chamtengo wapatali, ndipo amene adachiona amachikumbukira mwachikondi.

Unduna wa zamalimidwe udali ndi magalimoto akeake achikasu, a nthambi ya Extension Aids, yomwe inkasindikizanso magazini ya Za Achikumbi. Masana ankaonetsa sewero la zidole, usiku kanema. Zidole zija zinkalankhula Chichewa chokoma, zinkakangana ndi kuseketsa, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu ambiri amazikumbukira kuposa mafilimu enieniwo.

Koma khalidwe lakale lija, lolankhula osafunsa, lidapitirira, ndipo lidapeza lamulo lolitchinjiriza. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 lidapatsa bungwe lounika mphamvu pa filimu iliyonse, buku lililonse ndi sewero lililonse. M'nyumba za kanema monga Apollo m'Blantyre anthu ankaonera mafilimu odulidwadulidwa. Kamera ya boma sidapite ku ndende ya Mikuyu kapena ya Dzaleka. Ndipo Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, idapeza dziko limene nkhani za kuchipinda sizinkakambidwa pagulu, limene ngakhale kulera kudaloledwa mu 1982 mokha, pansi pa dzina loti kutalikitsa nthawi pakati pa ana. Zaka zimene chinsalu cha pa bwalo la sukulu chikadapulumutsa miyoyo, chidali chotanganidwa ndi magule.

Kusintha kwa boma kwa 1994 kudatsegula khomo. Magalimoto a boma adayamba kusowa, malo ake n'kutengedwa ndi a mabungwe omwe si aboma. PSI Malawi inkazungulira ndi magalimoto a vidiyo pofalitsa uthenga wa Edzi ndi makondomu a Chishango. Story Workshop, yomwe idayamba m'Blantyre mu 1996, idatchuka ndi sewero la pa wailesi la Zimachitika, ndipo ADRA Malawi idabweretsa Tikuferanji, momwe Michael Usi adadziwikira ngati Manganya. Uthenga udayamba kunenedwa mosabisa, m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku.

Kusintha kwakukulu pa kaonetsedwe ka mafilimu a nkhani zenizeni kudachokera ku Cape Town. Mu 2001 ntchito ya Steps for the Future idatulutsa mafilimu oposa 30 okamba za moyo wa anthu okhudzidwa ndi HIV m'maiko a kummwera kwa Africa. Mmodzi mwa atsogoleri ake, Don Edkins, adali atayendetsapo kale kanema woyendayenda m'midzi ya ku Lesotho. M'mafilimuwa mudalibe wanzeru ndi wopusa. Mudali anthu enieni, ofotokoza okha za kuyezetsa magazi, kuuza mwamuna kapena mayi zotsatira zake, kusalidwa, chikondi ndi imfa. Ndipo filimu ikatha anthu sankabalalika. Wotsogolera zokambirana, nthawi zina munthu yemwe waoneka m'filimumo, ankaima patsogolo n'kufunsa anthu zimene aona ndi zimene zikuchitika kwawo. Mphindi za pambuyo pa filimu zidasanduka gawo lenileni la usikuwo. Njira imeneyi idafala m'chigawo chonse chino, ndipo ndi yomwe bungwe la Sunshine Cinema, loyambitsidwa ndi Sydelle Willow Smith ndi Rowan Pybus, limagwiritsa ntchito pophunzitsa achinyamata, a ku Malawi omwe, kuonetsa mafilimu ndi zida zoyendera mphamvu ya dzuwa zonyamulika m'bokosi limodzi.

M'makomboni a Blantyre, limodzi mwa mabungwe amene adaona kufunika kwa bwalo lotere ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, la kafukufuku wa zaumoyo, lomwe lidayamba mu 1995 ndipo lili pa chipatala cha Gulupu. Ntchito yake imafuna chinthu chimene atsamunda sankachifuna: chilolezo cha munthu. Kafukufuku wa kudziyeza wekha HIV adachitikira ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Likhubula. Wa katemera wa taifodi, woyamba mu 2018, adakhudza ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo zotsatira zake zidathandiza kuti mu 2023 katemerayu aperekedwe m'dziko lonse. Mayi sangapereke mkono wa mwana wake, kapena kulola kuti atengedwe magazi, chifukwa choti chimkuzamawu chalamula, makamaka mumzinda umene mphekesera za anamapopa zidafikamo mu 2017. Ndiye bungweli limaonetsa mafilimu m'madera, limayendetsa pologalamu ya pa wailesi ya Umoyo Nkukambirana, ndipo ofufuza ake amakhala pansi n'kuyankha mafunso. Mafunso a pa bwalo lotere sakhala ofewa. Anthu amafuna kudziwa kumene magazi amapita, amene apindule ndi ndani, ndi chifukwa chake kafukufuku amakonda kubwera kwa osauka.

Ngakhale zili choncho, mzimu wa The Two Farmers sudatheretu. Zionetsero zambiri za lero zimalipiridwa ndi opereka thandizo, ndipo mutu umasankhidwa mu ofesi ya ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, chaka chino nkhanza za m'banja, chaka chamawa kusintha kwa nyengo. Mitu imeneyi ndi yofunika, palibe wotsutsa. Koma nthawi zambiri filimu imabwera ndi yankho lake kale, zokambirana n'kukhala zongokwaniritsa mwambo, wina akulemba chiwerengero cha obwera kuti lipoti likaoneke bwino. Galimoto yobwera ndi filimu yokamba za mzere wa zigubu pa kiyosiki ya madzi, za eni nyumba okweza lendi mwezi uliwonse, za ngozi za kabaza kapena za achinyamata a madigiri ogulitsa mayunitsi pa msika wa Ndirande, imeneyo ndi yosowa. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023 n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, zithunzi zoyamba zimene dziko lidaona adajambula ndi eni dera pa mafoni awo, n'kuzitumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ojambula alipo kale m'makomboni. Chosowa ndi wowathandiza kusandutsa zimene ajambulazo kukhala filimu, ndi bwalo loonetserapo kwawo komweko.

Olowa m'malo enieni a wotanthauzira wa 1950 uja sali m'mabungwe. Ali m'mavidiyo sho a ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Machinjiri, tizinyumba ta malata ndi mapepala akuda, ta mabenchi a matabwa, chikwangwani cha mafilimu a tsikulo chili pakhomo, sipika ikulira panja kuitana odutsa. Mafilimu a ku China, ku India ndi ku America amene amaonetsedwa mmenemo amakhala atalowetsedwa mawu a Chichewa ndi anyamata odziphunzitsa okha pa kompyuta. Iwo samasulira liwu ndi liwu. Amapatsa osewera mayina a kwathu, amasandutsa mzinda wa kutali kukhala Limbe, amaponyamo nthabwala za ndale ndi za mpira, ndipo oonera amasankha filimu potengera amene wailowetsa mawu. Akuluakulu ena amadandaula kuti malowa amajombetsa ana ku sukulu ndipo ena amaonetsa zosayenera, ndipo dandaulolo lili ndi maziko. Koma palibe bungwe la boma kapena la thandizo limene lidafikapo pa luso la anyamatawa logwira khutu la munthu wa m'komboni kwa maola awiri, iye atalipira yekha pakhomo.

Mafilimu a Central African Film Unit adatsalira ku Harare, ku National Archives of Zimbabwe. A nthambi ya boma la Malawi ambiri ali ku Zomba, ku National Archives of Malawi, ofesi yomwe nayonso idayamba mu 1947 ngati nthambi ya malo osungira zakale a ku Salisbury. Filimu ya mtundu umenewu siikhalitsa ikasungidwa potentha ndi pa chinyezi: imayamba kununkha ngati viniga, imakwinyika, mitundu yake n'kufwifwa, ndipo ikafika pamenepo kuipulumutsa kumavuta. Uthenga wa m'mafilimuwa udatha ntchito kalekale, koma kumbuyo kwa mlimi wanzeru ndi wopusa uja kukuoneka zinthu zimene ojambula sankaziwerengera: kamangidwe ka nyumba, kavalidwe ka amayi, misika, mitengo imene idali m'mapiri, ndi nkhope za anthu amene zidzukulu zawo zili moyo. Maboma a Malawi ndi Zimbabwe atagwirizana, mafilimu ojambulidwa mu Nyasaland akhoza kusamutsidwira pa kompyuta, makope ake n'kubwera ku Zomba ndi ku Museum ya ku Chichiri. Kuchokera pamenepo, zofunika kuti akaonetsedwe ku holo ya ku Ndirande kapena pa bwalo la sukulu ku Chilomoni ndi pulojekita imodzi, mmodzi wa anyamata a vidiyo sho kuti agwire chimkuzamawu, ndi agogo a m'deralo okhala kutsogolo kuti azimuwongolera akalakwitsa dzina la malo kapena la mfumu.